Pholela: Chipatala cha Kumudzi Chomwe Chinasanduka Sukulu ya Madokotala

Chipatala chaching'ono cha Pholela, chomwe chili pafupi ndi tauni ya Bulwer m'tsinde mwa mapiri a Drakensberg ku KwaZulu-Natal, chinatsegulidwa ndi boma la South Africa mu 1940, ndipo udindo wochiyendetsa unaperekedwa kwa madokotala awiri apabanja, Sidney Kark ndi mkazi wake Emily. Ankagwira ntchito limodzi ndi Edward Jali, wothandizira madokotala amene anaphunzira ku Fort Hare, komanso mkazi wake Amelia, yemwe anali namwino. Edward ndi Amelia satchulidwa mokwanira m'mbiri imeneyi, chikhalirecho ndiwo ankadziwa Chizulu ndi miyambo ya m'deralo, zomwe zinali zofunika kwambiri kuti mabanja akhulupirire chipatalacho.

Chimene chinasiyanitsa Pholela ndi zipatala zina n'chakuti ogwira ntchito ake sanakhale pansi kudikira odwala. Mu 1942 anasankha makomo 130 oyandikana nacho, n'kuyamba kuwayendera limodzi ndi limodzi, ndipo chaka ndi chaka dera loyenderedwalo linkakuzidwa. Ntchitoyi inkagwiridwa ndi alangizi a zaumoyo amene anaphunzitsidwa pachipatala pomwepo kulemba ana obadwa, anthu omwalira, zakudya za pabanja, kotunga madzi ndiponso amuna omwe anali kutali ku ntchito. Madokotala, anamwino ndi alangiziwo ankakumana kuti aunike zolembedwazo, kotero kuti wodwala akafika ndi chifuwa, dokotala amakhala akudziwa kale za khomo lomwe wachokera. Njira imeneyi, yomwe pambuyo pake inatchedwa community-oriented primary care, imatanthauza kupima mudzi wonse monga mmene dokotala amapimira munthu mmodzi, kenaka n'kuchiza zomwe zapezekazo.

Zomwe zinapezeka zinali zowawa. Kunyentchera kunali ponseponse, chifuwa chachikulu ndi chindoko zinkafala, ndipo mu 1949 Sidney Kark analemba kuti gwero la chindokocho linali dongosolo lotengera amuna ku migodi ndi m'mizinda, kusiya akazi ndi ana kumudzi, dongosolo lomwe mabanja ambiri a ku Malawi analidziwanso m'nthawi ya Wenela. Motero mankhwala anayenda limodzi ndi minda ya ndiwo zamasamba, maenje a manyowa, zimbudzi, katemera, mkaka wa ana ndi sikelo. Pasanathe zaka khumi, imfa za makanda m'dera loyenderedwalo zinatsika kuchoka pa oposa 250 kufika pafupifupi 100 mwa ana 1,000 aliwonse obadwa amoyo.

Komiti yofufuza za chithandizo cha zaumoyo yotsogozedwa ndi Henry Gluckman inatenga Pholela ngati chitsanzo m'lipoti lake la 1944, ndipo zipatala zoposa 40 za mtundu umenewu zinakhazikitsidwa. Banja la Kark linasamukira ku Durban kukatsogolera Institute of Family and Community Health, bungwe lophunzitsa ogwira ntchito m'zipatala zatsopanozo, pomwe Pholela inakhalabe malo ophunzirirako ntchito m'makomo mwa anthu. Koma chipani cha National Party, chomwe chinalowa m'boma mu 1948 ndi ndondomeko ya tsankho ya apartheid, sichinafune kuthira ndalama pa ntchito yotereyi, ndipo zipatalazo zinafota, zambiri n'kusanduka malo ongoperekera mankhwala. Kumeneku kunali kutaya kwakukulu, popeza umboni woti njirayi ikupulumutsa ana unalipo kale. Banja la Kark linachoka m'dzikolo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo linakapitiriza ntchitoyi ku Jerusalem.

Mmodzi mwa ophunzira udokotala amene anafika ku Pholela nyengo yake isanathe anali Jack Geiger wa ku America, yemwe m'zaka za m'ma 1960 anathandiza kukhazikitsa zipatala zofanana nacho ku Columbia Point mumzinda wa Boston ndi ku Mound Bayou m'chigawo cha Mississippi. Ku Mound Bayou, madokotala akapeza mwana wonyentchera ankamulembera chakudya pachikalata cholembapo mankhwala, makolo n'kukachitenga kugolosale, chipatala n'kulipira.