Sukulu ya Hodgson ndi Mageti a ku Kabulonga

Ambiri amene amadutsa mumsewu wa Yotam Muleya sadziwa kuti mwini dzinalo anali wophunzira umakanika. Mu 1958 anagonjetsa Gordon Pirie wa ku Britain pa mpikisano wa mamailosi atatu ku Salisbury, akuthamanga wopanda nsapato. Chaka chotsatira anafera pangozi ya galimoto ku America. Sukulu yake inali Hodgson, imene lero timaitcha David Kaunda.

Sukuluyi inayamba m'zaka za m'ma 1930, pamene atsamunda ankamanga Lusaka kuti ikhale likulu. Ankafuna amisiri a matabwa ndi njerwa, koma lamulo la ma apprentice linasungira azungu ntchito zaluso za malipiro abwino. Wakuda ankagwira chitsulo, pepala n'kupita kwa wina. Pofika pa ufulu mu 1964, dziko lonse linali ndi anthu pafupifupi 100 okha a digiri. Evelyn Hone inali itangotsegulidwa mu 1963, UNZA inabwera mu 1966, ndipo TEVETA, imene imayang'anira mayeso a trade test, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998.

Ine kuwotcherera ndinaphunzira madzulo, pakalasi ina kufupi ndi Kabwata. Tinali khumi ndi awiri, makina awiri. Aphunzitsi athu, bambo okalamba amene anagwirapo ntchito kumigodi, sankayang'ana n'komwe ntchito yathu poyamba. Ankangomvetsera. Amati rodi ikamayenda bwino imalira ngati kapenta m'mafuta otentha. Akatero ankagogoda ndi hamala pamene walumikiza, kenaka ankati, “Mwana wanga, getili ukaika panyumba ya amai ako?” Funso limenelo linkawawa kuposa maso ofiira a usiku, aja anzanga ankaikapo mbatatisi yodula.

Mawa lake ndinkakwera basi yopita ku Chelstone, ndipo m'njira ndinkaona anyamata akuwotcherera atavala magalasi a dzuwa okha. Manja otere ndiwo amapanga mageti ndi mabagala baa ambiri a ku Woodlands ndi Kabulonga. Luso alinalo, ena kundiposa ine. Chimene alibe ndi pepala lomwe lija, ndipo popanda pepalalo tenda imapita kwa wina, iwo n'kulembedwa ganyu.

Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankabwera pakati pa usiku. M'komboni mwathu tinkagona tikumva magirayinda mpaka mbandakucha, ndipo palibe amene anapita kukadandaula.