M'mera Mpoyamba: Mmene Aulutsi a Chichewa Akhala Akuphunzirira Ntchito Yawo

Munthu akachoka mu Johannesburg kulowera chakummwera pa msewu wa R59, amadutsa m'mbali mwa Alrode, dera la mafakitale la ku Alberton, loyandikana ndi Thokoza ndi Katlehong. Ena mwa anthu amene amalawirira kukagwira ntchito kumeneko ndi Amalawi. Akapitirira ndi msewu womwewo amakafika ku Meyerton, kumene kunali makina oponyera mawu a wailesi kutali. Kuchokera pamalo amenewa Chichewa chinkakamveka ku Dedza, ku Chipata ndi ku Tete, kufikira mu Marichi 2019 pamene kampani ya Sentech inazimitsa makinawo. Mbiri ya makinawa ndi yodziwika, koma za mmene anthu olankhula pa makinawo ankaphunzirira ntchito sizikambidwa kawirikawiri. Cholinga cha nkhani ino n'kuonetsa kuti uulutsi wa m'Chichewa wakhala ukuphunziridwa pantchito pomwepo, wachinyamata atakhala pambali pa mkhalakale, ndipo kuti pamalo ophunzirirapo ntchito pamenepo ndi pamene Chichewa cha makono chasulidwa.

Chiyambi chake chili ku Lusaka. Boma la Northern Rhodesia linayamba kuulutsa mawu mu 1941 pofuna kuuza anthu za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha, Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani, analimbikira kuti pakhale wailesi ya anthu akuda a m'maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Umu ndi mmene inabadwira Central African Broadcasting Station, imene inkaulutsa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Mu 1949 kampani ya Ever Ready inatulutsa kawailesi kooneka ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special, kamene kankagulitsidwa mapaundi 5. Omvera anachuluka mwadzidzidzi, koma sukulu yophunzitsa uulutsi kunalibe. Amene analembedwa ntchito anali aphunzitsi, makalaliki ndi asilikali obwerako ku nkhondo, ndipo luso lawo analitola mu situdiyo momwemo.

Alick Nkhata ndi chitsanzo chabwino. Iye anabadwa mu 1922, anamenya nawo nkhondo ku Burma, ndipo atabwerako anayenda ndi Hugh Tracey kujambula nyimbo za makolo. Maulendo amenewo ndiwo anali sukulu yake: anaphunzira kugwira makina, kutchera khutu, ndi kunyengerera woimba wamanyazi kuti atsegule pakamwa. Atalowa pa wailesi ya ku Lusaka anakwera mpaka kukhala mmodzi wa akuluakulu ake. Andreya Masiye, wa pulogalamu ya Chinyanja ya Kabvulumvulu, anakulira pa wailesi yomweyo. Buku la Peter Fraenkel la mu 1959, lotchedwa Wayaleshi, limaonetsa kuti Azungu ankaphunzitsa za makina ndi kusunga nthawi, koma pa za chilankhulo ndi zokonda omvera iwo ndiwo anali ophunzira. Limaonetsanso kuopsa kwa ntchitoyi: pa nthawi ya mkangano wa chitaganya cha mu 1953, kunamveka mphekesera zoti aulutsi ena anali banyama, amene kwathu timati anamapopa, chifukwa ankawerenga mawu a boma limene anthu sankalikhulupirira. Wophunzira ntchito anazindikira msanga kuti omvera amaweruza mwini liwu, osati mwini uthenga.

Ku Malawi, Malawi Broadcasting Corporation inakhazikitsidwa mu 1964 chitaganya chitatha. Kwa zaka zoposa 30 wachinyamata wofuna uulutsi analibe khomo lina koma lomwelo. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board, ndipo Dr. H. Kamuzu Banda mwiniwake ankadzudzula poyera Chichewa chimene ankachiona ngati chokhota. Choncho wobwera kumene ankaphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi: kumasulira nkhani kuchokera m'Chingerezi mosaphonya, ndi kudziwa mawu oti asatchulidwe. Maphunziro otere anali okhwima, ndipo mantha anali mbali yake. Komabe tiyenera kuvomereza kuti kalankhulidwe kamene mtundu wonse unakazolowera, monga nyumba ya malamulo, phungu, nduna ndi chitukuko, kanakhazikika chifukwa aulutsi ankapatsirana mawuwo mosamala, wamkulu kupatsira wamng'ono. Mtengo wake unalipidwa ndi ana a zilankhulo zina, amene ankayenera kusiya malilime awo pakhomo kuti alowe.

Nanga Chichewa chinafika bwanji pa makina a ku Meyerton? Wailesi ya Radio RSA inayamba pa 1 Meyi 1966 ngati liwu la boma la tsankho lolankhula kwa maiko akunja, ndipo Chichewa chinali chimodzi mwa zilankhulo zake. Izi sizodabwitsa, pakuti Malawi inakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa mu 1967, Dr. Banda anakachezako mu 1971, ndipo Amalawi zikwizikwi ankagwira ntchito m'migodi kudzera ku Wenela kufikira ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974. Muulutsi wa Chichewa mu Johannesburg anali ndi makina abwino, koma mfundo za nkhani zinali za eni wailesi. Mu 1992 wailesiyi inasanduka Channel Africa, ndipo chigawo chake chinkatchedwa cha Chinyanja, dzina lokomera omvera a ku Zambia ndi Mozambique omwe. Muulutsi wa kumeneko ankayenera kupeza mawu omveka kwa Mchewa wa ku Kasungu, munthu wa mu Lusaka ndi Mnyanja wa ku Niassa nthawi imodzi. Luso lotere silipezeka m'buku. Limabwera poyesa, kulakwitsa ndi kukonzedwa.

Zaka za m'ma 1990 zinatsegula makomo mbali zonse ziwiri. Ku South Africa lamulo la mu 1993 linaloleza mawailesi a m'madera, ndipo ena mwa iwo, monga Kasie FM ya ku Katlehong, anasanduka malo amene achinyamata a m'makomboni amayambirapo. Mu 1998 kunabwera lamulo la Skills Development Act, limene linakhazikitsa ndondomeko yoti wophunzira, wolemba ntchito ndi sukulu asainirane pangano: wophunzira azikhala nthawi ina m'kalasi, nthawi ina pantchito, azilandira kangachepe, ndipo pomaliza apatsidwe satifiketi yovomerezeka. Ndalama zake zimachokera ku msonkho wa 1 peresenti wa malipiro umene olemba ntchito amapereka motsatira lamulo la mu 1999. Chaka chomwecho cha 1998 kunatsegulidwa sukulu ya NEMISA yophunzitsa za wailesi ndi kanema. Chimene kale chinkadalira chifundo cha mkhalakale chinasanduka pangano lolembedwa.

Ku Malawi Chitumbuka chinabwerera pa wailesi mu 1994, ndipo nkhani za m'Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga zinatsatira. Lamulo la Communications Act la mu 1998 linabala bungwe la MACRA, ndipo kunabwera Power 101, Capital FM, wailesi ya m'dera ya Dzimwe ku Monkey Bay, ndi Television Malawi mu 1999. Sukulu ya Malawi Institute of Journalism inatsegula wailesi yakeyake kuti ophunzira azilankhula kwa omvera enieni asanamalize maphunziro. Mu 2005 Gospel Kazako, amene anakulira pa MBC, anayambitsa Zodiak, imene inatsamira kwambiri pa Chichewa. Kutumizidwa ku nyumba youlutsira mawu kwa miyezi ingapo kunakhala mbali ya maphunziro a utolankhani, ndipo ambiri ntchito anaipeza kumene anatumizidwako, mkonzi atawaona ndi maso ake.

Pali zinthu ziwiri zimene mbiri imeneyi ikutichenjeza. Choyamba n'chakuti kuphunzira ntchito kopanda malipiro kumasankha anthu mwakachetechete. Amene ali ndi mbale wake mu Blantyre kapena mu Lilongwe womusunga amapirira miyezi itatu. Mwana wa kumudzi, yemwe kawirikawiri ndiye mwini miyambi ndi zining'a, amabwerera panjira. Ngakhale ku South Africa, mwana wa Mmalawi wa ku Thokoza wopanda zikalata zoyenera sangalowe m'pangano lija.

Chachiwiri chimatikhudza ife aphunzitsi a zilankhulo. Ophunzira athu timawayesa Chingerezi mwakhama, koma Chichewa timangoti anayamwira. Akafika pa wailesi amapatsidwa nkhani ya zachuma kuti aimasulire m'mphindi zochepa, ndipo chimene chimatuluka ndi Chingerezi chovala mawu a Chichewa. Pamene pali mkonzi wodziwa, zotsatira zake zimakhala zina. Mu 2020, pa mliri wa Covid-19, mawu akuti m'bindikiro, amene makolo ankanena za namwali kapena wofedwa wosatuluka m'nyumba, anapatsidwa ntchito yatsopano, ndipo agogo a kumudzi anamva msanga chimene chinkanenedwa. Kusankha mawu kotere ndiko wachinyamata ayenera kuona kukuchitika pamaso pake.

Choncho sukulu ikamatumiza wophunzira ku wailesi, isangofunsa ngati kuli makina ndi mpando. Ifunse dzina la munthu amene adzawerenge Chichewa chake asanakhale pa maikolofoni, ndiponso amene adzamulipirire ulendo ndi chakudya. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba: mmene muulutsi alankhulira m'miyezi yake itatu yoyamba ndi mmene omvera ake adzamumvere zaka makumi atatu.