Mtengo wa webusaiti ku Kafue, kucokela pa Zamnet

Ku wailesi kumene ndimathandizako, anthu a malonda akabwela kudzalipila cilengezo amakonda kundifunsa kuti, "Nanga webusaiti ndi zingati?" Ndimacedwa kuyankha. Mtengo wake uli ndi mbili, ndipo wosaidziwa amalipila kawili.

Intaneti inafika mu Zambia mu 1994 kudzela ku Zamnet, kampani imene inabadwila pa University of Zambia. Tinali pakati pa maiko oyambilila mu Africa kulumikizidwa. Koma masiku amenewo munthu anafunika kompyuta, foni ya nthambo ya Zamtel ndi ndalama zolipilila mphindi iliyonse. Kuno, ngakhale Lusaka ili pafupi, zinali za maofesi akuluakulu. Ndiponso zaka zimenezo ndi zimene Kafue Textiles ndi Nitrogen Chemicals zinayamba kufooka, anthu ambili a ku Estates n'kucotsedwa nchito. Amene anatsegula tuntemba ndi mashopu osoka zovala anali kuganiza za unga, osati webusaiti.

Zinthu zinasintha pamene mapulogilamu aulele monga WordPress, imene inatuluka mu 2003, anafala, ndipo Airtel ndi MTN anaika intaneti m'mafoni. Mnyamata aliyense wocoka ku koleji ndi laputopu anatha kupanga webusaiti m'masiku ocepa. Ndalama za manja ake zinatsika, cifukwa opanga anaculuka.

Koma pali ndalama zina zimene anthu sanauzidwe bwino. Dzina la webusaiti siligulidwa kamodzi, limacitidwa lendi caka ndi caka. Malo osungilapo masamba ake pa kompyuta ya kampani ina nawonso ndi a lendi. Maina othela ndi .zm amayang'anilidwa ndi ZICTA, koma ambili anasankha .com, imene mtengo wake umawelengedwa m'madola. Mu 2012 boma linaletsa kuchula mitengo m'madola m'dziko muno, ndipo lamulolo linacotsedwa mu 2014, koma kampani ya ku America inalibe nalo kanthu. Tiyelekeze kuti dzina ndi madola 12 pa caka. Kumayambililo kwa 2015, dola ili pa K6 ndi kakuti, zinali ngati K75. Cisanathe caka comweco dola inadutsa K12. Mu 2024 inapitilila K25, ndiye kuti dzina lomwelo linafika pa K300 ndi kuposa, mwini shopu asanasinthe ngakhale cithunzi cimodzi.

Azakhali anga anaphunzila zimenezi movutika. Amasoka mayunifomu a sukulu, ndipo mu 2014 mnyamata wina anawapangila webusaiti yokongola ndithu. Analipila, n'kusindikiza dzina lake pa cikwangwani ndi pa malisiti. Cimene sanadziwe n'cakuti mnyamatayo analembetsa dzinalo pa imelo yake. Atasamukila ku Copperbelt anasintha nambala. Caka citatha webusaiti inazima, ndipo tinalibe pasiwedi kapena pepala lililonse loonetsa kuti ndi yathu. Anandifunsa kuti, "Iwe mwana wa ku koleji, sungaitsegule?" Ndinati, "Azakhali, makiyi ali ndi munthu wina." Cikwangwanico anacipentanso ndi ndalama zawo. Ine sindinena kuti mnyamatayo anali wakuba. Ndiganiza naye sanaone patali.

Kucokela mu 2018, pamene WhatsApp Business inabwela, ambili analeka n'kufunsa komwe. Zithunzi amaika pa Facebook, kasitomala amatuma ndalama pa Airtel Money kapena MoMo, katundu n'kukwela basi. Lendi palibe, koma mabando amadya, ndipo foni imafuna malaiti. Mu 2024 tinakhala maola ambili mumdima, ife amene tili pafupi ndi Kafue Gorge, ndipo ena anali kulipila pocajitsa foni kuti ayankhe makasitomala. Tsamba la pa Facebook nalonso si lanu kwenikweni. Likatsekedwa, kuno kulibe ofesi yokadandaulako.

Webusaiti ikali ndi nchito kwa a malo ogona alendo m'mbali mwa mtsinje, ndi kwa ofuna matenda a boma kapena a makampani, amene amafunsidwa mapepala a PACRA ndi imelo ya kampani. Oterewa ndimawauza kuti asanakambe mtengo afunse zinthu ziwili: dzina lilembetsedwa pa imelo ya ndani, ndipo caka camawa adzalipila zingati, m'makwaca kapena m'madola. Azakhali sanabwelelenso ku webusaiti. Maoda a Januwale amabwela pa foni, ndipo nambala yake analembetsa ndi NRC yawo.