Freddie Green, Mchere wa Bandi ya Count Basie

Mchere suoneka m'ndiwo, koma ukaiwalika aliyense amadziwa pa nthongo yoyamba. Umo ndi momwe analili Freddie Green, woyimba gitala m'bandi ya Count Basie ku America kwa zaka pafupifupi 50.

Green anabadwa m'chaka cha 1911 mumzinda wa Charleston, m'chigawo cha South Carolina. Anayamba ndi banjo ali mnyamata, ndipo atasamukira ku New York anatenga gitala. John Hammond, mkulu wodziwa kufufuza maluso, anamumva akuyimba m'kalabu ya Black Cat ndipo anamuonetsa kwa Basie, yemwe anamulemba ntchito m'chaka cha 1937.

Masiku amenewo mabandi a jazi anali aakulu, a anthu oposa khumi, ndipo malipenga ndiwo ankalamulira. Gitala wa Green sanali wamagetsi. Iye ankangokhwatcha nsambo kanayi kanayi, mofanana, osafulumira kapena kuchedwa. Pamodzi ndi Basie pa piyano, Walter Page pa besi ndi Jo Jones pa ng'oma, anayala maziko omwe oyimba malipenga ankapondapo ndiponso ovina ankatsatira.

M'chaka cha 1939 Charlie Christian analowa m'bandi ya Benny Goodman ndi gitala wamagetsi, ndipo anaonetsa kuti gitala angathe kutsogolera nyimbo monga lipenga. Anyamata ambiri anathamangira njira yatsopanoyo chifukwa ndiko kunali kutchuka. Green anakhalabe pa gitala wake wakale, ndipo sikawirikawiri ankayimba payekha kuti amuombere m'manja.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mabandi aakulu anayamba kugwa chifukwa kulipira anthu ambiri chotero kunali kovuta. M'chaka cha 1950 Basie anachepetsa gulu lake ndipo Green anatsala kunja. Koma posakhalitsa anabwerera pampando wake, ndipo sanachokeponso. Nyimbo ya "Corner Pocket", imodzi mwa zotchuka za bandiyi, anaipeka ndi iyeyu.

Basie anamwalira m'chaka cha 1984, Green n'kupitiriza ndi bandiyo mpaka imfa yake ku Las Vegas m'chaka cha 1987. Mukamamvera nyimbo za Basie, tcherani khutu kunsi kwa malipengawo. Mumva kaphokoso kofewa kokhala ngati kugunda kwa mtima. Ameneyo ndi Green, yemwe luso lake linali lopangitsa anzake kumveka bwino.