Inkosi Gomani II ndi Malire a ku Lizulu

Ife a ku Milange malire timawadziwa bwino. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891, lomwe linatilekanitsa ndi abale athu a ku Mulanje, ndi lomwenso linadula pakati dziko la Angoni a kwa Maseko, ena natsala ku Ntcheu, ena ku Angónia. Mbiri ya Inkosi Philip Gomani yagona pa mzere umenewu.

Bambo ake, Gomani I, anaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896, Philip akali kamwana. Iye analowa ufumu mu 1921, ndipo likulu lake linali ku Lizulu, pamalire penipeni. Anali Mkhristu wa mpingo wa Seventh-day Adventist, munthu wokonda sukulu. Ankalimbikitsa anthu ake kutumiza ana kukaphunzira, kusamala ukhondo m'midzi ndi kulima mizere yopingasa kuti nthaka isakokoloke. Aboma ankamtama kuti nayi mfumu yachitsanzo. Taganizani, mwana wa munthu amene iwo omwe anamupha!

Zinthu zinatembenuka mu 1953, Angerezi atatsimikiza zophatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'Chitaganya, eni dziko akukana. Gomani analibe mfuti. Chida chake chinali mizere yomwe ija. M'mwezi wa Meyi anauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo a boma a zaulimi, malamulo amene iye mwini anawasunga zaka zambiri. Apa mpamene ndimaona kulimba mtima kwake, pakuti kugwetsa ndi dzanja lako chimene unamanga wekha si zamasewera ayi.

Bwanamkubwa Geoffrey Colby anamuimitsa paufumu, nalamula kuti achoke m'dera lake. Apolisi atafika ku Lizulu kudzamtenga, khamu la anthu linawatsekereza. Mfumuyo, ili yodwala kale, inathawa pamodzi ndi mwana wake Willard ndi wansembe wa Anglican, Michael Scott, nawolokera ku Angónia. Kumeneko kunali kwa abale ake, a mtundu umodzi ndi chinenero chimodzi, koma olamula anali Apwitikizi. Sanachedwe, anawagwira ndi kuwabweza m'manja mwa Angerezi. Scott anapirikitsidwa m'dziko.

Gomani sanabwererenso pampando. Anamwalira m'mwezi wa Meyi 1954 pachipatala cha mpingo wake ku Malamulo, m'boma la Thyolo, osati kutali kwenikweni ndi kuno. Chitaganya chija chinatha pa 31 Disembala 1963, iye atagona kale zaka zisanu ndi zinayi.

Amene munawoloka Muloza mu 1986 kuthawa nkhondo, kamtolo kali pamutu, mukudziwa mmene mtima umagundira munthu akamayang'ana tsidya, osadziwa ngati akamlandira. Inu anakulandirani. Nkhalamba ya ku Lizulu ija anaibweza.