"Mzimu Wake Uuse mu Mtendere": Kodi Timauza Yani?

Mwezi watha gulu lathu la acinyamata la ku Kabwata linapita kukaimba pa mwambo wovundukula ciliza ku manda a Leopards Hill, kupitirira Woodlands ndi Kabulonga. Tikudikira abusa, mlongo wina wa ku Chelstone anayamba kuwerenga zolembedwa pa ziliza. Zambiri zinali ndi zilembo R.I.P. kapena M.H.S.R.I.P. Kenaka anandifunsa kuti, "Acimwene, kodi mau amenewa timauza Mulungu, wakufayo, kapena ife tomwe?" Ndinasowa poyankha. Ndico cifukwa cake ndinapita kukafufuza mbiri yace.

Zilembo R.I.P. sizinayambire m'Cingerezi ai. Zinacokera ku mau a Cilatini akuti requiescat in pace, ndiko kuti "apumule mu mtendere". Taonani kuti limeneli ndi pempho. Akhristu a ku Roma, amene ankaika maliro m'mapanga a pansi pa mzinda m'zaka za m'ma 200 ndi 300, ankalemba pa manda kuti wakufayo wagona mu mtendere. Ngakhale liu la Cingerezi lakuti cemetery linacokera ku liu la Cigiriki lotanthauza malo ogonamo. Iwo ankadziwa kuti wogona amadzuka. Pa Yohane 11 Yesu anakamba za Lazaro monga munthu wogona, ndipo pa 1 Atesalonika 4 Paulo anacita cimodzimodzi potonthoza ofedwa.

M'kupita kwa nthawi mauwa analowa m'mapemphero a maliro a Mpingo wa Katolika, monga pemphero lopempherera mzimu wa womwalira. M'zaka za m'ma 1500 okonzanso Mpingo monga John Calvin anakana kupempherera akufa, nanena kuti mlandu wa munthu umatsekedwa pa imfa. Komabe kuyambira m'ma 1700 zilembozi zinafala pa ziliza ku Ulaya, ndipo Akhristu a mipingo ina anazitenganso. Kwathu kuno zinabwera ndi atsamunda ndi amishoni. A Dutch Reformed anatsegula Magwero kufupi ndi Chipata mu 1899, ndipo Ajezuiti anatsegula Kasisi kufupi ndi Lusaka mu 1905.

Koma makolo athu sanayambe kumvera kwa azungu zakuti mzimu uyenera kupumula. Kwa Acewa, munthu akamwalira amasanduka mzimu woyang'anira mbumba yace. Maliro akapanda kuyenda mwa mwambo, anthu ankaopa kuti mzimuwo ubwerera m'maloto kapena ndi matenda. Ndiye panali kumeta maliro, ndipo pambuyo pace ankafulula mowa wa bona kuti mzimu ukhazikike pakati pa mizimu inzace. Liu lakuti "uuse" nalonso ndi lathulathu: ng'ombe zikakhuta zimausa pamthunzi dzuwa likakhala paliwombo.

Motero m'mau amodzi omwewa munakumana maganizo awiri. Wina akalemba amatanthauza kuti, "Gona kufikira tsiku la kuuka." Wina amatanthauza kuti, "Gona, usadzativute." Woyambayo ali ndi ciyembekezo, waciwiriyo ali ndi mantha.

Mwina mudzati kusiyanako n'kwa m'mutu cabe. Funsani akazi amasiye. Mantha a mzimu wa malemu ndiwo anacititsa mabanja ena kukakamiza mkazi wamasiye kugona ndi mbale wa mwamuna wace kuti "ayeretsedwe", mwambo umene unathandiza kufalitsa kacilombo ka HIV. Acibale ena amalira mokweza kumanda, pobwerako n'kuyamba kunyamula mipando, firiji ndi miphika, ana akuyang'ana. Zinthu zinafika poti Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Intestate Succession Act mu 1989. Munthu akamwalira osasiya wilu, ana amalandira magawo 50 pa 100 a cuma, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena amene ankadalira malemuyo 10. Mu 2011 lamulo lina, la Anti-Gender-Based Violence Act, linaika kulanda cuma ndi kuyeretsa kwa mtundu uja m'gulu la nkhanza.

Tsono ndiyankhe mlongo wanga uja. Mbiri ikuonetsa kuti mauwa ndi olankhula kwa Mulungu. Mkatolika amapempha nawo cifundo ca Mulungu pa mbale wace. Wa mpingo wosapempherera akufa amavomereza nawo kuti mbaleyo ali kale m'manja mwa Ambuye. Onse awiri samuopa wakufayo, ndipo alibe cifukwa cozunzira amene wawasiya.

Acinyamata anzanga, ife ndife timakumba manda, kuimba usiku wonse ndi kuphika nsima pa nyumba ya maliro. Timaona zimene zimacitika alendo akabalalika. Tsiku lina a kwanu adzakutumani kwa wosema ziliza ndi mau asanu aja papepala. Musanapereke ndalama, yambani mwakaona ngati mayi wamasiye uja akadali ndi nyumba, ndiponso ngati ana ace akadapita kusukulu.