Malaibulale a Sayansi mu Python

Malaibulale ndi magulu a malamulo a kompyuta olembedwa kale, amene wolemba pulogalamu amangowaitana pofuna kuwerengera kapena kujambula magrafu. Ambiri amagwira ntchito mu Python, chilankhulo chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991. Onse otchulidwa pano ndi aulere.

Woyamba kumene ayambe ndi NumPy, imene Travis Oliphant anatulutsa mu 2006. Imasunga manambala m'mizere yotchedwa array, ndipo lamulo limodzi limachulukitsa kapena kuphatikiza mzere wonse nthawi imodzi. Kenako aphunzire pandas, ya matebulo, imene Wes McKinney anayamba mu 2008, ndi Matplotlib ya John Hunter yojambulira. Laibulale ina, SciPy, ingadikire kaye.

Kuika NumPy n'kulemba pip install numpy basi. Wophunzira wa ku Railways ku Kabwe, amene amadalira mabandulo a pafoni, asathamangire Anaconda, imene imaika malaibulale ambiri pamodzi, chifukwa ndi yaikulu ndipo imadya data yambiri.

Ndi bwino kuphunzirira pa nkhani yakwanu. Mgodi wa Kabwe unatsekedwa mu 1994 koma unasiya m'dothi mtovu, umene ndi woopsa pa thanzi la ana. Mukakhala ndi fayilo ya CSV ya miyezo ya dothi, pd.read_csv ya pandas imaitsegula, ndipo groupby imagawa miyezoyo potengera komboni. Apa mpofunika kusamala kwambiri: pamene pasoweka nambala, pandas imalembapo NaN n'kupadumpha mwakachetechete powerengera avareji, pomwe np.mean pa array ya NumPy imabweza nan. Yambani mwaona mizere yoyambirira ndi head(), muwerenge mipata ndi isna().sum(), musanakhulupirire avareji iliyonse yokhudza thanzi la ana.